Njira ya ku Msoro

Munthu wogwira nchito ya ukalaliki pa Boma amadziwa kutopa kwa mtundu wina kumene mlimi sakudziwa. Mlimi atopa msana ndi mikono, ndipo usiku agona tulo tabwino; koma kalaliki atopa maso ndi mutu, ndipo mapepala aja amamtsata kufikira m'maloto. Ine mankhwala a kutopa kumeneku ndinawapeza pa njinga. Loweruka liri lonse, ngati kulibe maliro kapena nchito ya ku chalichi, ndimauka tambala woyamba atalira, ndipopa matayala, ndimanga botolo la madzi pa kaliyala, ndi kunyamuka.

Ife a ku Katete tikhala m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe. Mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, umene auchula Great East Road, upita pakati pathu, ndipo pompano upambukanso wina wonka ku Chanida, pa malire a dziko la Mozambique. Miseu iwiriyi ndi ya tala, koma wapanjinga sapezapo mtendere. Malole aatali onyamula katundu apita usana ndi usiku, ndipo mphepo yao yokha ikwanira kumkankhira munthu ku thengo. Cifukwa cace ndinayamba kufunafuna njira zacete, zimene munthu angathe kuyendamo akumva kulira kwa njiwa ndi kwa cheni ca njinga yace.

Njira zotere ziripo zambiri. Zina ndi zazifupi, zokhotakhota pakati pa midzi ndi minda ya nshawa ndi mpendadzuwa m'mbali mwa Mphangwe. Izi munthu azitsiriza dzuwa lisanafike pamutu. Koma imene inandikoka mtima koposa ndiyo yolowera kumpoto, yonka ku Msoro, kwa Akunda. Katete ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene cigwa ca Luangwa pa Mfuwe ciri pansi pace ndi mamita ngati 500. Cotero wonka ku Msoro alikutsika, ngakhale satsika kamodzi kokha ai: akwera citunda, atsetsereka, aoloka kamtsinje ka mcenga, akweranso. Mitengo ya masuku ndi mombo imamperekeza pamtunda, ndipo akayamba kuona milambe ndi tsanya, ndi kumva mpweya wotentha kumaso, adziwa kuti cigwa cayandikira.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mufuna kuyesa njira zotere, ndinenepo zimene ndaphunzira ndi zipsera za m'maondo. Nthawi yabwino ndiyo kuyambira May kufikira August, pamene mvula yatha ndipo dzuwa silinayambe ukali. Mu October cigwa citentha koopsa, ndipo m'dzinja timitsinje tija tidzala mwadzidzidzi. Nyamulani pampu, zigamba, sipanala, ndi madzi oposa amene muyesa kuti mudzamwa. Pa mtsetse gwirani mabuleki onse awiri, mugwire ndi kutaya, mugwire ndi kutaya. Pakuti mukaumiriza lakutsogolo lokha pa miyala, njinga idzakuponyani. Pa mcenga musalimbane ndi mahandulo, ingopalasani molunjika. Pa citunda cacikulu tsikani mukankhe, palibe manyazi. Ndipo polowa m'mudzi cepetsani liwiro ndi kupereka moni, cifukwa munthu amene mwampitirira osamlonjera ndiye mudzampempha pampu pobwerera.

Ku mapeto a njirayo, pafupi ndi mtsinje wa Lupande, kuli mishoni yakale ya Anglican. Anaiyamba m'caka ca 1911 ndi wansembe Leonard Kamungu, munthu wakuda mnzathu wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota, ndipo anamwalira komweko m'caka ca 1913. Pamene tinali pa sukulu aphunzitsi anatiuza mbiri yace, koma ndinaimvetsa bwino tsiku limene ndinafika ku Msoro miyendo irikunjenjemera, ndi kukumbukira kuti iye anafikako masiku amene kunalibe mseu wa galimoto.

Zaka zingapo ndinayenda njira imeneyi ndi mtima wonyada. Ndinali kuuza anzanga pa nchito kuti kulibe mseu wokoma woposa uwu, cifukwa munthu angapalase maora awiri osakomana ndi galimoto ngakhale imodzi. Ndipo mumtima ndinali kupempha kuti asadzauthire tala, kuti ukhale wacete cikhalire. Maganizo amenewa anasinthika tsiku lina m'mwezi wa June, caka ca 2022.

Ndinali nditayenda makilomita ngati 25 kucokera ku Katete. Potsika citunda cina ndinaona anthu atatu pansi pa mtengo, ndi njinga yogonekedwa pambali. Panali nkhalamba yamphamvu, ya imvi zapatalipatali, mai wacikulire, ndi mtsikana amene anakhala pansi ataweramitsa mutu, wofunda citenje. Ndinatsika ndi kupereka moni.

"Tiri bwino pang'ono, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, mbumba yanga. Wayamba kudwala dzulo madzulo. Pa kacipatala ka kwathu atiuza kuti matendawa afunika ku cipatala cacikulu, ndipo cheni candidukira pano."

Sanachule dzina la matendawo, monga mwa mwambo wathu, koma ndinaona ndekha kuti mtsikanayo anali ndi pakati, ndi kuti nthawi yace inakwana. Anali kunka ku St Francis, cipatala cimene cakhala cikuthandiza anthu a dziko lino kuyambira 1948. Ndinaturutsa lamya yanga ya m'manja, koma m'cigwamo siinagwire. Ndinayang'ana cheni cija, ndipo ndinapeza kuti cinaduka pawiri, ndi kuti cidutswa cina cinatayika mumcenga. Ndinafunsa ngati papita njinga yamoto kapena galimoto.

"Kuyambira m'mawa, ndinu woyamba," anayankha maiyo.

Pano ndiyenera kunena zoona, ngakhale zindicititsa manyazi. Ndinadziwa msanga cimene ciyenera kucitika, koma mtima wanga unakana. Njinga imeneyo ndinaigula ndi ndalama zosunga miyezi isanu. Anthu awa sindinawadziwe, ngakhale mudzi wao sindinaudziwe. Ndinayamba kudziuza ndekha kuti kapena galimoto ibwera tsopano apa, kapena ndithamange ine ku Katete ndikaitane thandizo. Koma kunka ndi kukafuna galimoto kukadatha maora atatu kapena anai, ndipo mtsikanayo anabuula kamodzi, motsitsa, monga munthu wosafuna kubvuta alendo. Kubuula kumeneko kunatha mlandu.

"Atate, tengani yangayi," ndinatero. "Mabuleki ace ndi akuthwa, musawagwire mwamphamvu."

Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanacurutse mau. Anaomba m'manja, nafunsa dzina langa ndi kumene ndigwira nchito. Ndipo tinayala citenje pa kaliyala ndi kumkweza mtsikanayo. Ndinawaona alikukwera citunda, iye akukankha, mwanayo atagwira cishalo ndi manja onse awiri, kufikira anabisika.

Tinatsala awiri, ine ndi mai uja, amene anali mace wa mtsikanayo. Ine ndinakankha njinga yakufayo, iye anasenza kamtolo ka mbale ndi ufa. Poyenda ndinafuna kumsangalatsa, ndipo mopusa ndinamuuza kuti ndimakonda mseu uwu cifukwa mulibe magalimoto. Anaima, natula mtolo wace, nandiyang'ana.

"Bambo, inu muti njira iyi njabwino cifukwa mulibe galimoto. Ife timati njoipa cifukwa mulibe galimoto. Thonje lathu ogula alitenga pa mtengo umene afuna okha, poti adziwa kuti sitingathe kukagulitsa kwina. Mphunzitsi akabwera kwathu, caka cimodzi wapempha kucoka. Ndipo mwana wanga woyamba ndinamtaya pa njira yomwe ino."

Ndinasowa coyankha. Tinayenda cete, ndipo bata lija limene ndinali kulitama linandilemera ngati mwala. Dzuwa litapendeka inatipeza ngolo ya ng'ombe imene inatinyamula kufikira pafupi ndi tauni. Maiyo analunjika ku cipatala, ine ndinafika kwathu usiku, mapazi atatupa, ndi njinga ya mwini.

Lolemba anzanga pa nchito anaseka kwambiri. Wina anati, "Sukulu yonse ija, ndi kupatsa njinga munthu wosadziwa ndi mudzi wace womwe! Taiwalani, acimwene, yapita imeneyo." Laciwiri linapita, Lacitatu linapita, ndipo ndibvomera kuti ndinayamba kuwakhulupirira. Ndinaganiza zokafunsa ku cipatala, koma ndinaopa ziwiri: kumva kuti mtsikanayo wamwalira, ndi kuoneka ngati wolondola ngongole pa maliro.

Lacinai masana mlonda anadza kudzandiuza kuti pakhomo pali mlendo. Ndinapeza mkulu uja ataima, cipewa ciri m'manja. Njinga yanga inali yotsukidwa bwino koposa umo ndiitsukira ine, ndipo pa kaliyala anamangapo tambala ndi kathumba ka nshawa. Anati anafika nthawi yabwino. Madokotala anacita opareshoni usiku womwewo, ndipo kunabadwa mwana wamwamuna. Iye sanathe kucoka kufikira ataona kuti mbumba yace yayamba kudya. Madzulo tinanka kwathu, tinagula cheni catsopano ndi kucimanga pa njinga yace, ndipo m'mawa mwace anabwerera kwao.

Kufikira lero ndimayendabe njira ya ku Msoro, ndipo kukoma kwa mapiri ace sikunacepe. Koma ndinaleka pemphero lija lakuti mseu ukhale monga uli. Akulu anati walira mvula walira matope. Mseu ukakonzedwa, malole adzabwera, makala adzaturuka ambiri ndipo mitengo idzacepa, ndipo ine ndidzasowa pothawira mapepala anga. Zimenezi nzoona, ndipo ziyenera kuganiziridwa. Koma sindingathe kuika mpumulo wanga wa Loweruka pa muyeso umodzi ndi moyo wa mai ndi mwana wace.

Ambiri a inu mudzakhala m'maofesi monga ine, ndipo pa tebulo panu padzafika makalata ocokera ku midzi imene simunaione: opempha mlatho, opempha mjigo, opempha mphunzitsi. Pepala liri lonse lioneka lofanana ndi linzace, ndipo nkwapafupi kuliika pansi pa ena. Cifukwa cace ndikupemphani kuti mukapeza njinga, mupite mukaone kumene makalatawo acokera. Muyese ndi miyendo yanu kutalika kwa citunda cimene mwini kalatayo anakwera. Ine kuyambira tsiku lija, kalata yocokera ku njira imeneyo ikafika m'manja mwanga, sindiigoneka.

Tambala uja sitinamuphe. Ndiye amene amandiutsa Loweruka m'mamawa, ndipo m'thumba la zitsulo tsopano ndimanyamulamo ndi zidutswa za cheni.