MPHAMVU YOKOKA NDI MPHAMVU YOIMA

Pabwalo la nyumba yathu, kufupi ndi boma la Dedza, pamaima galimoto yoyera ya pikapu imene anthu a m'mudzi mwathu amaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke n'komwe. Ndi Toyota Hilux ya chaka cha 2008, ya injini ya dizilo ya malita 2.5, ndipo tinaigula kwa munthu wina itayenda kale mtunda wautali. Galimoto imeneyi ndiyo khasu lathu lachiŵiri. Kumbuyo kwake imakoka ngolo, ndipo ndi iyo timatsitsira mbatatesi ku Golomoti, ku Monkey Bay ndi ku Mangochi, pobwerera n'kukwera ndi mpunga kapena usipa wouma. Ndalama za sukulu za ana athu anai zinatuluka m'ngolo imeneyi. Tsono tifuna tikufotokozereni, aŵerengi okondedwa, m'mene tinatsala pang'ono kutaya galimoto, ngolo ndi miyoyo yathu yomwe tsiku limodzi, chifukwa cha chinthu chimene ife tinkachiyesa nzeru.

Mwana wathu wachisamba, atamaliza maphunziro a umakaniko ku Lilongwe, anabwerera kumudzi ali ndi manja odziŵa ntchito ndiponso mtima wofulumira. Ulendo wina, tikukwera phiri la Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, galimoto ikukwaŵa ngati fulu, iye anati, "Ababa, galimoto iyi ili ndi mphamvu zimene simunazionepo. Ndiloleni ndizidzutse."

Anatifotokozera bwino lomwe, ndipo zimene ananena zinali zoona. Injini ya dizilo siyatsa mafuta ndi moto wa pulagi monga ichitira ya petulo. Iyo imapanikiza mpweya kufikira utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akafayiridwa m'menemo amayaka yekha. Umu ndi m'mene Rudolf Diesel anaikonzera, pamene injini yake inayenda bwino ku Augsburg, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1897. Koma m'galimoto zonga yathuyi muli kabokosi ka kompyuta kamene kamalamula muyeso wa dizilo ndi wa mpweya umene turbo imakankhira m'injini. Munthu wodziŵa kusintha malamulo a m'kabokosika angathe kuonjeza mphamvu tsiku limodzi, osamasula nati ndi imodzi yomwe.

Motero tinavomera. Mwana wathu anapita nayo galimoto kwa munthu wina wa mumzinda amene anasintha malamulo a m'kabokosi kaja. Pambuyo pake anaonjeza chitsulo chimodzi pa masipuling'i a kumbuyo mbali zonse ziŵiri, kuti galimoto isamakhale pansi ikalemedwa. Anagula matayala okulirapo, nalimbitsanso chitsulo chokokera ngolo. Kunena zoona, tinakondwera kwambiri. Phiri limene kale tinkakwera ndi giya yachiŵiri tsopano tinkalikwera ndi yachitatu. Utsi wakuda umene unkatuluka ku ekizozi tinkauyesa chizindikiro cha nyonga. Ndipo poona kuti galimoto sinali kudandaula, tinayamba kuonjeza matumba. Lero aŵiri, sabata yamaŵa enanso atatu, pakuti thumba lililonse loonjezera linali ndalama.

Linali tsiku Lachinai m'maŵa, nyengo ya chisanu. Tinapakira matumba 20 m'ngolo ndi ena 10 m'galimoto, matumba a mbatatesi aja osokerera pamwamba. Mwana wathu ndiye anali pa chiongolero, ife aŵiri tili pambali pake. Tinasiya mseu wa M1 pa Masasa n'kuyamba kutsika. Amene anayendapo mseu umenewu adziŵa m'mene umapindikira ngati njoka, phiri mbali ino, phompho mbali inayo. Mwanayo anatsika ndi giya yachinai, phazi lili pa buleki nthaŵi yonse. Titapitirira makona angapo, amai ake anafunsa kuti, "Kodi n'chiyani chikununkha ngati sanza yopserera?" Asanayankhe n'komwe tinaona phazi lake likumira mpaka pansi, koma galimoto osamva. Ngolo inali kutikankha kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali kona ina.

Zimene zinatsata zinachitika m'kanthaŵi kochepa ndithu. Mwana wathu anapopa buleki kangapo mofulumira, naloŵetsa giya yachitatu, kenaka yachiŵiri mokakamiza, injini n'kulira ngati ifuna kung'ambika. Anakoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono, nakhotetsera galimoto mu ngalande ya mbali ya phiri. Tinaima ndi chiphokoso. Ngolo inagwa cham'mbali, mbatatesi n'kumagubuduka mumseu. Palibe anavulala, koma tonse atatu tinakhala chete nthaŵi yaitali, miyendo ikunjenjemera, utsi ukufuka ku matayala a kutsogolo.

Dalaivala wina wachikulire, amene anali kukwera ndi lole yake, anaima kudzatithandiza. Poona mwana wathu atanyamula chigubu cha madzi, anamletsa nati, "Usathire, mwanawe, chitsulo chotentha chotere chingapindike kapena kung'aluka. Chileke chizizire chokha." Kenaka anaŵerama nasuzumira pansi pa ngolo, natifunsa kuti, "Akuluakulu, kodi mabuleki a ngoloyi ali kuti?" Tinayankha kuti ilibe. Iye anapukusa mutu nati, "Mphamvu yokoka munagula. Nanga yoima munagula kuti? Giya imene mumakwerera phiri ndi yomweyo yotsikira." Sitinamfunse dzina lake, koma mau akewo ndiwo anasintha kasamalidwe konse ka galimoto yathu.

Titafika kunyumba tinachita chimene tinayenera kuchita poyamba pomwe, ndicho kutsekula buku la galimoto ndi kubwereka sikelo. M'bukumo mwalembedwa momveka kuti ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750, kuŵerengera ngolo ndi katundu wake pamodzi. Ngolo yathu payokha inalemera makilogalamu 400. Matumba amene tinkawayesa a makilogalamu 50 anapezeka kuti ndi a 70. Chotero tsiku lija tinali kukoka makilogalamu 1,800, ndipo pamodzi ndi galimoto, katundu wake ndi ife tomwe, zonse zinafika pa makilogalamu 4,500. Mabuleki a galimoto yokha ndiwo anasenza mtolo wonsewo.

Taganizani za kutalika kwa phirilo. Boma la Dedza lili pamtunda wopitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malaŵi ili pansi pa mamita 500. Buleki ilibe matsenga. Ntchito yake ndi kusandutsa liŵiro kukhala kutentha. Mwana wathu anaŵerengera papepala napeza kuti katundu wolemera ngati wathu uja, potsika mamita 1,000, amabala kutentha kokwanira kuŵiritsa madzi opitirira malita 100. Munthu akatsika ndi giya yotsika, injini imasenzako gawo lalikulu la kutenthako. Akatsika ndi giya yapamwamba, konse kumathera m'mabuleki. Ndipo mafuta a buleki ali ndi khalidwe lakuti amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano saŵira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi angathe kuŵira pa madigiri 140 okha. Akaŵira amachita thovu, ndipo phazi limangopondereza thovulo osagwira kanthu. Athu anali asanasinthidwepo chiigulireni galimoto.

Tinazindikiranso kuti masipuling'i oonjezera aja anatinyenga. Kale galimoto ikalemedwa inkakhala pansi, ndipo kumeneko kunali kutichenjeza. Ife tinatseka pakamwa pake. Chitsulo choonjezera sichikuza ekiselo, sichilimbitsa mabering'i, sichionjeza mphamvu ya mabuleki, chimangobisa kulemera. Matayala aakulu nawonso amaonjezera mabuleki ntchito, ndipo amachititsa giya iliyonse kuthamanga kuposa kale, motero injini siigwira bwino galimoto potsika.

Masiku atatu mwana wathu sanadye bwino. Tsiku lachinai madzulo anadza nakhala pansi, nati, "Ababa, Amai, ndikhululukireni. Ndikanakuphani." Kukanakhala kwapafupi kumsenzetsa mlandu wonse, pakuti maganizo anali ake ndipo chiongolero chinali m'manja mwake. Koma tinadzifunsa kuti, kodi matumba ankaonjeza ndani? Ndani anayenda zaka zonsezi ndi ngolo yopanda mabuleki, mwanayo akali pa sukulu? Tinamuuza kuti mlandu ndi wa tonse, ndi kuti manja omwewo amene anasintha galimoto ndiwo anatipulumutsa pa kona ija. Tinagwirizana kuti aikonzenso, koma tsopano ayambire kumbuyo kumka kutsogolo.

Anayambira pa ngolo. Tinagulitsa ng'ombe imodzi n'kugula ekiselo ya mabuleki, ya mtundu umene umagwira wokha: galimoto ikachepetsa liŵiro, ngolo imakankha pa cholumikizira, ndipo kukankha komweko kumakoka mabuleki ake. Anaikanso matcheni aŵiri opingasana pansi pa cholumikizira, kuti chikamasuka mutu wa ngolo usagwe pansi. Kapakiridwe nako kanasintha. Katundu wochulukirapo amakhala kutsogolo kwa ekiselo, kotero kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa ngolo litsamire pa chitsulo chokokera. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo imavina uku ndi uku, ndipo ingathe kugwetsa galimoto ngakhale pa mseu woongoka. Matumba tsopano timaŵayeza pa sikelo, ndipo sitipitirira muyeso wa m'buku.

Kenaka anafika pa mabuleki a galimoto. Anasintha zitsulo zonse zimene zinapsa, nathira mafuta atsopano a DOT 4, amene saŵira asanafike madigiri 230, ndipo timaŵasintha zaka ziŵiri zilizonse. Matayala tinabwerera ku saizi ya m'buku, osankha a katundu wolemera. Anatiphunzitsa kuŵerenga manambala anai olembedwa m'mbali mwa tayala: aŵiri oyamba ndi sabata, aŵiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, pakuti tayala lingathe kuoneka labwino koma lili lokalamba.

Injini anaifikira potsiriza. Anaika kawotchi koyeza kutentha kwa utsi pamene ukutuluka m'injini, ndipo ulendo woyamba kukwera phiri ndi katundu tinaona muvi ukupitirira madigiri 750. Apo m'pamene tinadziŵa kuti ngozi yachiŵiri inali kutidikira. Mapistoni ndi a aluminiyamu, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 660. Oilo ndi mpweya watsopano zimaŵaziziritsa, koma kutentha kotere kukakhalitsa amafooka n'kung'aluka. Utsi wakuda umene tinkanyadira unali dizilo wosapsa bwino, ndalama zathu zikuuluka. Mwana wathu anakachepetsa mphamvu ija n'kusiyako pang'ono chabe, ndipo tsopano muvi ukayandikira 700 timabweza phazi n'kutsitsa giya. Anatsuka rediyeta nathiramo mankhwala ake oyenera, osati madzi a pa mjigo amene amasiya dzimbiri ndi miyala. Tikafika pamwamba pa phiri sitizimitsa injini nthaŵi yomweyo. Timailola ilire mphindi ziŵiri kuti oilo aziziritse turbo.

Zina zonse zili m'kope limene limakhala m'galimoto. Oilo ndi sefa yake timasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, chifukwa galimoto yokoka katundu m'fumbi imatopetsa oilo msanga. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 150,000, osadikira kuti aduke, pakuti akaduka amaononga injini. Sefa ya dizilo ndiyo timaiyang'anira koposa. M'chaka cha 2022, pamene mafuta anasoŵa m'dziko muno, ambiri tinakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu, ndipo wina anali ndi madzi. Injini zamakonozi zimafayira dizilo ndi mphamvu yoposa ka 500 ya mpweya wa m'tayala, kudzera m'timabowo tating'onoting'ono. Madzi kapena kamchenga zingaononge ma injector a ndalama zambiri. Loŵeruka lililonse m'maŵa timakhetsa madzi a pansi pa sefa, kuyeza mpweya wa matayala onse, kumanga manati, ndi kupaka girisi pa cholumikizira. Ana aang'ono ndiwo amagwira kope n'kulemba.

Inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi luso la manja, sitikuti lekani kusintha zinthu. Popanda luso la mwana wathu, galimoto iyi ikanakhala kale pa miyala. Koma musanaonjeze mphamvu, yambani mwafunsa chimene chidzaimitsa mphamvuyo ndi chimene chidzaiziziritsa. Ndipo inu makolo anzathu, mwana akadza ndi maganizo atsopano musamkanize msanga, musamvomerenso chifukwa chongoona phindu monga tinachitira ife. Khalani naye pansi, tsekulani buku, muŵerengere limodzi.

Masiku ano timapita ku Golomoti ndi matumba ochepa kuposa kale, ndipo nthaŵi zina ulendo umodzi umasanduka maulendo aŵiri. Tikafika pa Masasa timaima, kuzungulira galimoto ndi ngolo, kugwedeza matcheni ndi kukhudza matayala. Kenaka mwana wathu amaloŵetsa giya yachiŵiri, n'kuyamba kutsika. Ena amatipitirira akuliza hutala, ndipo ife timangoŵapatsa njira, pakuti akulu anati kuthamanga sikufika. Tikamadutsa pa kona ija, amai ake amayang'anabe ngalande ya mbali ya phiri, ndipo m'galimoto mumakhala chete kufikira titafika ku chigwa.