MTOKOMA WA MBEDZA WOPITA KWA MLOLO

Mlendo wocokera ku Katete akalunjika kumwera, pa mseu wopita ku malire a Chanida, amadzera m'dziko la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza. Ili ndi dziko la Acewa, ndipo amfumu ace, pamodzi ndi anzao a Zingalume ndi a Mwangala, amakalambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba. Pa mseu pamadutsa malole akulu-akulu opita ku Tete ndi ku Beira, koma wopatuka pang'ono amapeza minda ya cimanga, nshawa ndi mpendadzuwa, ng'ombe za ngolo, ndiponso madimba m'mphepete mwa madambo.

Kuno kulibe nyanja. Nsomba zimene zilipo ndi za m'mitsinje, m'maiwe ndi m'madamu: milamba, matemba ndi zina zing'ono-zing'ono. Komabe mnyamata amene wabwera ndi milamba iwiri madzulo wapulumutsa amai ace ku bvuto la ndiwo, ndipo cifukwa ca ici mbedza ndi cuma. Mwana wa pamudzi amene ali pa nchito ku Lusaka kapena ku migodi, potumiza sopo, mcere ndi citenje, kawiri-kawiri amaponyamo mbedza za alongo ndi adzukulu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mbedza ili ndi kamnga kobwerera m'mbuyo kamene kamaletsa nsomba kupulumuka, ndipo m'cala ca munthu kamacita cimodzi-modzi. Ikangokulungidwa m'pepala, imaboola pa ulendo ndi kudikira dzanja loyamba: la kalaliki wa pa positi, la kondakitala wa basi, kapena la agogo amene akupisa m'phukusi ndi cimwemwe. Kuikoka kumang'amba mnofu, ndipo bala lotere likadetsedwa likhoza kubweretsa kafumbata. Wolasidwa ayenera kupita ku cipatala, osalimbana nayo ndi lumo pakhonde.

Amene anazolowera kutumiza sagula kanthu kapadera. Amadula phesi louma la cimanga kapena la mapira, nabaya nsonga ya mbedza iliyonse m'kati mwace mofewamo kufikira kamnga kabisika. Kenaka amalonga m'kabokosi ka macisa kapena m'kacitini kokhala ndi cibvundikiro, nadzazamo thonje kuti zisagwedezeke. Akakagwedeza pafupi ndi khutu, sipayenera kumveka phokoso. Zonse zikhale zouma, pakuti cinyezi ca dzinja cimabala dzimbiri, ndipo mbedza ya dzimbiri imathyoka pa tsiku limene mlamba waukulu wadya nyambo.

Kumaiko ena anthu amawedza ndi nyambo yopanga, imene Angelezi amaicha nchenche. Amamanga nthenga ndi ubweya pa mbedza ndi ulusi mpaka ifanane ndi kacirombo kogwera pamadzi, monga umo inswa zimagwera mvula yoyamba. Ku Malawi amawedza nayo nsomba ya trout pa phiri la Zomba ndi ku Nyika, ndipo ku Kenya kuli mafakitale kumene anthu amamanga nyambozi ndi manja nazitumiza ku Ulaya ndi ku America. Codabwitsa n'cakuti nthenga za nkhanga, zimene kwa Mlolo zimangouluka kuseri kwa nkhokwe, zili m'gulu la nthenga zimene amisiriwo amagwiritsa nchito. Nyambo yotere ikaphwanyidwa m'imvulopu nthenga zimapindika ndipo nsomba siinyengekanso. Imafuna bokosi lolimba losaitsendereza, lotsekeka bwino kuopa njenjete. Koma nyongolotsi zamoyo, nyambo yeni-yeni ya kuno, malamulo a positi ya pakati pa maiko sazilola. Zamoyo zimene amalola n'zowerengeka, monga njuci ndi misundu.

Cotsala ndi keyala. Nyumba za kumudzi zilibe manambala, cotero kuyambira kale makalata amadzera pa bokosi la sukulu kapena la chalichi ku positi ya ku Chadiza kapena ya ku Katete, ndipo aphunzitsi amapatsira ana kuti akapereke. Wotumiza wanzeru amalemba dzina la wolandira, mudzi, mfumu ndi boma, nabwereza zomwezo pa kapepala ka m'kati, cifukwa ca kunja cikhoza kufufutika ndi mvula. Amalembanso poyera kuti muli mbedza.

Nchito ya positi inali m'manja mwa PTC kufikira 1994, pamene bungwelo linagawidwa napangidwa Zampost ndi Zamtel. Masiku ano ndalama zimayenda pa foni, ndipo mitokoma yambiri imakwera basi. Dalaivala amaimitsa pa Katete, wa njinga yamoto nanyamula kupita nayo kumudzi, wolandira ataimbiridwa kale. Manja ogwira phukusi acuruka kuposa kale, ndipo palibe kalaliki wofunsa za m'kati.

Phukusi likafika, ana amazinga mphasa. Amalume amatsegula kacitini, nazula mbedza imodzi-imodzi m'phesi muja, nagawa monga mwa misinkhu: zazikulu kwa anyamata odziwa maiwe akuya, zazing'ono kwa a matemba. Kacitini kamatsala ndi agogo, poti kakwanira bwino kusungiramo fodya wa mphuno.