Kalata yochokera ku Pretoria

Okondedwa amalume,

 Ine kuno ku Joni ndili bwino, ntchito ikuyenda. Munandifunsa ngati chibwerereni ndaonako china kupatula geti la abwana ndi mzere wa kotumizira ndalama. Loweruka lina ndinakwera sitima ya Gautrain kupita ku Pretoria, komwe kumakhala boma la dziko lino, ndipo zimene ndinaona kumeneko zikukhudza kwathu ku Dowa kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndinayambira ku Voortrekker Monument, chinyumba cha miyala chomwe chili pamwamba pa phiri kummwera kwa mzinda. Mabunu anachitsegula pa 16 December 1949 pokumbukira makolo awo amene anachoka ku Cape pa ngolo za ng'ombe. Mpanda wake ndi ngolo 64 zoumbidwa mozungulira. Mkati, pakhoma ponse pali zosema za ulendowo, mpaka nkhondo ya pa mtsinje wa Ncome mu 1838, pomwe Azulu ambiri anaphedwa ndi mfuti. Padenga anasiyapo kabowo, ndipo chaka chilichonse pa 16 December, dzuwa likafika paliwombo, kuwala kumagwera ndendende pa mwala wa chikumbutso umene uli pansi. Luso lake nalo ndi logometsa. Koma munthu wakuda akamayenda mmenemo amaona kuti m'nkhaniyo iyeyo ndiye mdani.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi ichi, amalume. Mpingo wa anthu amenewa, Dutch Reformed Church, ndi womwewo umene unatuma A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok kudzamanga misasa pa Mvera mu 1889, m'dziko la Chiwere. Ndi womwewo unatsegula Kongwe mu 1894, pomwe lero pali sekondale ya Robert Blake imene inu munaphunzirako. Mabelu amene anatilera, nyimbo zimene timayimba pamaliro, sinodi ya Nkhoma yonse, muzu wake uli kuno. Anthu a mtundu umodzi anatiphunzitsa kuwerenga Buku Lopatulika m'chiyankhulo chathu, pamene abale awo ankakonza malamulo oti munthu ngati ine asakhale nawo pa benchi limodzi. Sindikuti titaye mpingo. Ndikungoti nkhani ziwirizi tinauzidwa imodzi yokha.

Pafupi pomwepo, pa phiri la Salvokop, boma la demokalase linamanga Freedom Park. Kumeneko kuli khoma lalitali lolembedwa mayina a anthu amene anafa pa nkhondo zosiyanasiyana, mu ukapolo ndi pomenyera ufulu, ngakhalenso asilikali a ku Cuba amene anafera ku Angola. Mapiri awiriwa akuyang'anizana, lililonse ndi maliro ake, ndipo pali msewu wowalumikiza. Boma silinagumule chinyumba cha Mabunu chija. Ena kuno amati kumeneko kunali kufatsa kopitirira muyeso. Ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa mwana wa lero akhoza kukwera konseko n'kudzionera yekha.

Ndikuwerenga mayinawo ndinakumbukira agogo ndi nkhani zawo za Wenela, bungwe lija linkalemba anthu a kumigodi. Amuna angati a ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo anatsikira m'migodi ya golide ya dziko lino? Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Kumudzi kwathu nkhani imeneyi yatsala m'kamwa mwa nkhalamba zochepa. Chimodzimodzi Dzaleka: achinyamata amangodziwa kuti ndi msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, osadziwa kuti kale inali ndende ya anthu amene ankaganiziridwa kuti akuderera boma.

Masana ndinapita ku Union Buildings, maofesi a pulezidenti amene anatha kumangidwa mu 1913. M'kati simulowedwa, koma kapinga wake ndi wa aliyense. Apa ndi pamene amayi pafupifupi 20,000 anafika pa 9 August 1956 kudzakana malamulo a mapasi, ndipo ndi pomwe Nelson Mandela analumbirira mu 1994. Chiboliboli chake, chotalika mamita 9, manja ali tambasu, anachivundukula mu 2013, pa 16 December pomwe paja. Deti limenelo sanalisankhe mwangozi. Kamuzu nayenso anafika mumzinda uno mu 1971, nthawi imene atsogoleri ena a mu Africa sankafuna n'komwe kupatsana moni ndi boma la tsankho, ndipo ngongole ya boma lomwelo inathandiza kumanga Lilongwe. Ndiye mukamakwera basi pa Dowa Turn-off kupita ku Kapitolo, dziwani kuti Pretoria ali momwemo.

Ku Ditsong, nyumba yosungiramo za chilengedwe, ndinangodutsa chifukwa miyendo inali itatopa. Kumeneko amasunga chigaza chotchedwa Mrs Ples, chimene Robert Broom anafukula ku Sterkfontein mu 1947, cha zaka zoposa mamiliyoni awiri. Izi tidzakambirana pamaso, ndikudziwa kuti monga mkulu wa mpingo muli ndi mawu.

Za nyengo, musamve za anthu kuti kuno n'kotentha. Pretoria ndi wofundirako kuposa Johannesburg chifukwa ali m'munsi, koma June ndi July wake ndi wouma, wopanda nkhungu ija imakuta phiri la Ntchisi. Kumacha kuli mbee, udzu utayera ngati wawazidwa ufa, zala osagwira khasu. Mvula imabwera miyezi yofanana ndi kwathu, koma imakonda madzulo, ya ziphaliwali ndi matalala oswa magalasi a galimoto. Mu October misewu yonse imasanduka yofiirira ndi maluwa a jakaranda, ochuluka kuposa a ku Lilongwe.

Pempho langa ndi lakuti mapepala a Wenela a agogo, amene ali m'sutikesi yachitsulo ija, asakolezere moto. Muuze mwana wina awajambule pa foni anditumizire pa WhatsApp, ndipo akakhale pansi ndi agogo aakazi atchule mayina a onse a m'mudzi mwathu amene anapita ku Joni, obwerera ndi otchona omwe. Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha. Mupereke moni kwa amfumu.

Ine mphwanu,
wa ku Joni