Chitsulo chapansi pa boti

Kwathu ku Nkhotakota ndinkaopa madzi, moti anzanga akamapita kukakoka chilimira ine ndinkatsala pagombe kuyanika usipa. Ndiye mukhoza kuseka mutamva kuti kuno ku Cape Town ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito pamalo opangira maboti a matanga. Si timaboti tamasewera ayi. Lomwe tamaliza posachedwapa ndi lalitali mamita 30, ndipo mlongoti wake ukuposa mamita 40. Ntchito yanga ndi yopala ndi sandipepala, kuyambira m'mawa mpaka fumbi litalowa ndi m'makutu momwe.

Anthu ogula maboti amenewa amafuna zinthu ziwiri zosayenderana. Amafuna boti lothamanga, loti akapikisane nalo pa mpikisano ngati wa Cape to Rio, womwe unayamba mu 1971 ndipo amawoloka nyanja ya Atlantic mtunda woposa makilomita 6,000. Komanso amafuna nyumba yoyandama, ya zipinda zogona, bafa la madzi otentha, filiji ndi khitchini. Kuthamanga kumafuna kupepuka, pomwe chilichonse chosangalatsa thupi chimalemera. Ndiye wojambula pulani amakhalira kuwerengera makilogalamu. Thupi la boti amalipanga ndi carbon fibre, nsalu yakuda yomwe amainyowetsa ndi guluu n'kuiwotcha mpaka iume gwa. Pakati pa zikopa ziwiri za nsaluyo amaikapo thovu lolimba. Ngakhale zitseko za makabati zimakhala zopepuka ngati katoni, pamwamba pokha ndi pomwe amamatapo kathabwa kopyapyala kokongoletsa.

Chomwe chinandizunguza mutu ndi ichi: atavutika chonchi kupeputsa boti, pansi pake amamangirirapo chipsepse chachitali chotchedwa keel, ndipo kunsonga kwake amapachikako chimtovu cholemera matani ambiri. Pa maboti otere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konse limakhala pamenepo. Ndinafunsa kapitawo wathu, bambo wachikulire amene wawoloka nyanjayi kangapo, kuti nanga misala imeneyi ndi yotani. Iwo anatenga botolo lopanda kanthu, n'kumangirira sipanala pansi pake, n'kuliponya m'ndowa ya madzi. Ankati akaligoneka, lokha n'kudzuka. Mphepo ikakankha thanga kumwamba boti limapendekeka, koma likamapendekeka kwambiri m'pamenenso mtovu uja umalikokera mwamphamvu kuti liimirire. Boti lopangidwa bwino, ngakhale mlongoti utagunda madzi, limadzukanso.

Nzeru zimenezi sanazitole chabe. Mu Ogasiti 1979, pa mpikisano wa Fastnet pakati pa England ndi Ireland, maboti 303 anakumana ndi namondwe ndipo opikisana 15 anamwalira. Maboti ambiri anagubuduzika. Ngoziyo inachititsa kuti malamulo a kapangidwe ka maboti opita kutali awunikidwenso. Lero kutsogolo kwa boti kumakhala khoma losalowa madzi, kuti likagunda chinthu usiku madzi athere m'chipinda chimodzi chokhacho.

Tsiku la botolo lija sindinadye nkhomaliro. Ndinkaganiza za achimwene anga. Iwo anapita pa nyanja ndi bwato usiku wina m'mwezi wa Julayi, nyengo ya mwera, ndipo m'mawa mwake anthu anapeza bwato lokha litagadabuzika. Bwato la mtengo umodzi lilibe chilichonse pansi. Munthu ndiye keel yake, amalisunga ndi chiuno ndi miyendo. Achimwene anali katswiri pa zimenezi, koma funde silifunsa kuti wapalasa zaka zingati. Kumaliro anthu ankanong'onezana za ufiti. Ine ndinakhulupirira nawo, mpaka tsiku lomwe ndinaona sipanala ikudzutsa botolo m'ndowa.

Musandimve molakwa, abale. Sindikunena kuti msodzi wa ku Nkhotakota amangirire mtovu pansi pa bwato. Angalikokere bwanji pamchenga? Ngakhale olemera kuno vutoli amalidziwa, n'chifukwa chake maboti ena ali ndi keel yokwezeka ndi makina kuti alowe pamadoko osaya. Amisiri osema mabwato kwathu nawonso si opusa, amapanga chombo cholingana ndi gombe lawo ndi thumba lawo. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti kuno anthu amakhala miyezi akuwerengera zomwe zidzachitike boti likadzagubuduzika, pomwe kwathu timangoti Mulungu atiteteze, basi.

Mwana wa achimwene aja tsopano ndi mnyamata wamkulu, ndipo amayendetsa boti la matabwa la injini. Mwezi watha ndinamutumizira ndalama, ndinamuuza kuti agule majekete oyandamitsa anayi ndi zigubu zopanda kanthu za malita 20, azitseke bwino n'kuzimangirira pansi pa mipando. Chigubu chimodzi chotere chimayandamitsa pafupifupi makilogalamu 20, ndipo boti lodzaza madzi likapanda kumira anthu amakhala ndi pogwira. Anandiyankha pa WhatsApp kuti, “Bambo aang'ono, anzanga andiseka, akuti ndikukagulitsa mafuta pa nyanja.”

Ndinamuuza kuti aseke. Dzulo wanditumizira chithunzi, zigubu zisanu ndi chimodzi zachikasu zamangidwa ndi chingwe cha ukonde. Mfundo zake sizinandisangalatse, ndiye usiku uno ndimuimbira kuti amangenso.