Fungo la Khrisimasi m'Manja mwa Ana

Achinyamata anzathu ndi akhristu nonse a m'parishi muno, pamene nyengo ya Adventi ikupita kumapeto, maganizo a ambiri a ife ali pa zovala zatsopano ndi pa nkhuku imene idzadyedwe pa tsiku lalikulu. Sabata ino tiyeni tilingalire za kanthu kakang'ono kamene tingachitire ang'ono athu, ana a Tilitonse pamodzi ndi aja amene sanayambe n'komwe sukulu. Kanthuko ndi dongo la ufa lonunkhira, loti aziumbira zidole pa masiku a chikondwerero.

Kuumba si kwachilendo kwa ife. Ambirife tinakula tikuumba ng'ombe, magalimoto ndi timiphika ta masanje ndi dongo la kudambo. Koma ana ambiri a m'tauni dambo lili nawo patali, ndipo mvula ikamagwa tsiku lonse amangodzipanikiza m'nyumba, maso ali pa foni ya amayi awo. Manja amene ayenera kuphunzira kufinya, kupota ndi kutsina amangokhala chete. Chonsecho ndi manja omwewo amene mawa adzafunika kugwira pensulo ndi kumanga mabatani a yunifolomu. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono ku Rome mu 1907, anaika mtima kwambiri pa mfundo imeneyi, yakuti mwana amayamba kudziwa dziko pokhudza, ponunkhiza ndi poona, mawu asanamukwanire.

Kapangidwe ka dongoli si kovuta. Timatenga kapu imodzi ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya mchere wosalala, supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, masupuni aakulu awiri a madzi a ndimu, ndi madzi osakwana pang'ono kapu imodzi. Zonsezi timazisakaniza mumphika ndi kuziika pa moto wochepa, n'kumavundula ndi mthiko monga tichitira pophika nsima, mpaka zitagwirana n'kuleka kumata m'mbali mwa mphika. Tikaphula, timadikira kuti zizizire pang'ono, kenaka timakanda ndi manja mpaka zitasalala. Chilichonse m'menemo chili ndi ntchito yake. Ufa wa tirigu ndi umene umatamuka, n'chifukwa chake mgaiwa kapena ufa woyera wa chimanga sungalowe m'malo mwake, chifukwa umangoyoyoka. Mchere umaletsa kuti dongolo lisachite nkhungu msanga, mafuta amalifewetsa, ndipo ndimu amalithandiza kukhala losalala ndi lokhalitsa. Tikalisunga m'chigubu chotseka bwino limatha masabata angapo. Likayamba kumata chifukwa cha chinyezi cha dzinja, timangowaza kaufa pang'ono n'kukandanso.

Tsono nkhani yaikulu ili pa fungo. Fungo lili ndi njira yaifupi yopita ku mbali za ubongo zimene zimasunga zokumbukira ndi zimene mtima umamva, n'chifukwa chake utsi wa nkhuni zina umatha kutikumbutsa agogo athu amene anatisiya kalekale. A malonda amaidziwa bwino mphamvu imeneyi. Play-Doh, dongo la m'zitini limene limagulitsidwa m'masitolo akuluakulu, poyamba linali mankhwala opukutira mwaye pa makoma a nyumba mumzinda wa Cincinnati ku America, ndipo linasanduka choseweretsa cha ana mu 1956. Mu 2018 kampani ya Hasbro inalembetsa fungo la dongolo ku boma la America ngati chizindikiro cha malonda ake, podziwa kuti akuluakulu amene anaseweretsa dongolo ali ana amalizindikira ndi mphuno.

Funso lathu ndi lakuti: nanga ife tiikamo fungo lanji? Anzathu a ku Ulaya ndi ku America amaikamo sinamoni, jinja ndi fungo la mitengo ya paini, chifukwa Khrisimasi yawo imafika m'nyengo ya chisanu, pamene nyumba zawo zimanunkhira makeke a zokometsera zimenezi. Yathu imafika mvula itagwa, mango atapsa, mpunga wa Kilombero ukununkhira mpaka kwa aneba. Palibe cholakwa kuthira supuni yaing'ono ya sinamoni kapena jinja wogaya ngati zili m'nyumba. Koma tikhozanso kupala khungu la ndimu kapena lalanje n'kukandira m'dongomo. Tikhoza kuwiritsa masamba a udzu wa ndimu, uja timathira mu tiyi, n'kugwiritsa ntchito madzi ake pophika. Madzi a chidede amapereka mtundu wofiirira, ndipo ufa wa koko umapereka mtundu wa dothi pamodzi ndi fungo lokoma. Chofunika n'chakuti fungolo likhale la pakhomo pathu, kuti mwanayo akadzalimva atakula, ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, adzakumbukire manja amene anakanda naye limodzi.

Chikondwerero chimenechi chakhala chikuyenda ndi mphuno ndi manja kuyambira pachiyambi. Mwa mphatso zitatu za anzeru a kum'mawa, ziwiri, lubani ndi mure, zinali zonunkhira. Mu 1223, Francis Woyera wa ku Assisi anakonza khola m'mudzi wa Greccio, naikamo udzu, ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu wamba aone ndi maso awo umphawi wa ku Betelehemu. Mwana amene akuumba kankhosa kopindika miyendo ndi kuika m'khola la makatoni akuchita zofanana ndi zimenezo pa msinkhu wake.

Tikudziwa kuti ena adzafunsa, ndipo adzafunsa moyenera: kodi n'chilungamo kuseweretsa ufa m'mwezi wa Disembala, pamene nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi? Funso limeneli tisalinyalanyaze. Kapu imodzi ya ufa wa tirigu ndi zitumbuwa kapena mandasi angapo amene banja likanadya. Ngati m'nyumba mulibe chakudya chokwanira, ufawo upite mumphika wa chakudya, ndipo palibe amene achite manyazi. Dongo la kudambo likadalipo, ndipo nalonso tikhoza kulikanda ndi madzi a udzu wa ndimu. Koma pamene tili gulu, m'limana kapena m'bungwe la achinyamata, kapu imodzi yochokera kwa amene ali nazo ikhoza kukwanira ana anayi kapena asanu, ndipo idzawasangalatsa kwa masabata, pamene switi imatha m'kamphindi.

Tichenjerenso pa zinthu zingapo. Dongo lonunkhira ngati chakudya limakopa pakamwa, chonsecho mchere umene uli m'menemo ndi wochuluka moti ukhoza kudwalitsa kwambiri mwana wamng'ono, ngakhalenso galu, akadya lambiri. Choncho wamkulu azikhala pafupi nthawi zonse, ndipo makanda amene amaika chilichonse m'kamwa adikire kaye. Mafuta onunkhira a m'timabotolo tisawathiremo, pakuti ndi amphamvu kwambiri pa khungu la mwana. Ngati mwana amatuluka ziwengo akadya za tirigu, kapena manja ake ayamba kuyabwa chifukwa cha sinamoni, timupezere china choumba.

Tikakhala nawo pansi, tisawalamule kuti nkhosa izioneka chonchi kapena chonchi. Tiwasiye aumbe, aphwanye, aumbenso. Ntchito yathu ndi kukhala nawo pamkeka ndi kumvetsera pamene akutifotokozera kuti kanthu kozungulira kaja ndi ngamira. Loweruka likudzali, amene angathe abwere ndi kapu ya ufa, wina mchere, wina ndimu wa kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense abwere ndi mng'ono wake.

Tikufunirani Adventi yabwino nonse.