Mabomba akulira, Ayuda anandisunga ngati wawo

Abale anzanga a pamsika, mukamva kuti mwana wa uje wakwera ndege kupita kusukulu kunja, mumati basi, walemera ameneyo. Inenso ndinkaganiza choncho ponyamuka mu September 2023 kupita ku Israel kukaphunzira ulimi wamthirira. Mayi anga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, anachita kukongola ndalama kuti ulendowo utheke.

Anatiika pamudzi wa alimi, umene eni ake amati moshav, kumpoto kwa nyanja ya Kinneret, ija timaiwerenga m'Baibulo kuti Nyanja ya Galileya. Musaganize kuti ndi chinyanja ngati chathuchi ayi. M'litali mwake ndi makilomita 21 okha, ndipo kutentha kwake ngati ku Nsanje. Nsomba imene amakazinga mumzinda wa Tiberias ndi m'bale wake wa chambo. Masiku asanu tinkagwira ntchito m'minda ya mango ndi nthochi, tsiku limodzi m'kalasi. Kumeneko madzi saseweretsa: amadutsa m'timapaipi n'kumadontha patsinde penipeni pa mbewu.

Mwezi usanathe n'komwe, zinthu zinatembenuka. Loweruka pa 7 October 2023 zigawenga za Hamas zinatuluka ku Gaza n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ena pafupifupi 250 n'kuwagwira. Mwa ophedwawo munali ophunzira zaulimi ngati ine ndemwe: 10 a ku Nepal ndi awiri a ku Tanzania. M'mawa mwake gulu la Hezbollah linayamba kuponya mabomba kuchokera ku Lebanon, mbali yathu yakumpotoyo.

Mayi anaimba foni akulira. "Bwerako mwanawe, za ngongole tidzaona." Koma ndibwere ndi chiyani? Satifiketi ndilibe, ndalama ndilibe. Tulo sindinatione.

Tsiku limene wenzulo yochenjeza inalira koyamba, ndinangoima kakasi pamsewu. Agogo ena aakazi oyandikana nafe anandigwira dzanja n'kundikokera m'chipinda cha konkire chapansi, chimene amati miklat. M'menemo munali ana, makanda ndi agalu omwe. Kumwamba kunkamveka phuu! phuu! zida za Iron Dome zikuphulitsa mabombawo m'malere. Ine thukuta kamukamu, koma agogowo anangondifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka: "Mwana wanga, wadya?"

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndinkadya kwawo. Inu amalonda, Lachisanu la kumeneko mungalikonde. M'mawa msika umachita kuwira, ogulitsa kukuwa, mitengo n'kumatsika dzuwa likamapendeka, chifukwa likangolowa Sabata layamba ndipo mabenchi onse atseka mpaka Loweruka madzulo. Kunyumba mayi amayatsa makandulo, bambo n'kudalitsa vinyo ndi buledi woluka wotchedwa challah. Palibe anandifunsa kuti ndimapemphera mpingo wanji. Mpando wanga unali pafupi ndi wa mdzukulu wawo, umene unali wopanda munthu poti mwini wake anaitanidwa kunkhondo pamodzi ndi anthu oposa 300,000.

Kumunda nako kunavuta. Antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo, ndipo Apalestina analetsedwa kulowa. Ndiye kunayamba kubwera anthu ongodzipereka: aphunzitsi, maloya, agogo opuma pantchito. Eti ine mwana wa mayi wa tomato kumalangiza loya kanyamulidwe ka mkoko wa nthochi! Mutu umodzi susenza denga, zokolola zinapulumuka.

Kenaka uthenga unafika kuti mdzukulu uja waphedwa. Ndinadandaula kuti ndikalowa bwanji pamaliro a eni ake, mwambo osaudziwa. Ndinapeza kuti Ayuda amakhuza masiku 7, mwambo wotchedwa shiva. Ofedwa amakhala pa timipando tatifupi, malaya atang'amba pachifuwa, magalasi oonera nkhope ataphimba. Chitseko chimakhala chotsegula, anansi amabwera ndi chakudya, ndipo mlendo sayamba kulankhula mpaka wofedwa atayamba yekha. Ndinati mumtima, awatu ndi maliro a kwathu. Ndinakhala pansi phee, monga tichitira pasiwa. Agogo aja anandigwiranso dzanja, ulendo uno wowalimbitsa ndinali ine.

Musaganize kuti misozi inali mbali imodzi. Mwarabu wina amene ndinkagula kwa iye ndiwo zamasamba anali ndi abale ku Gaza, kumene anthu zikwi makumimakumi anaphedwa ndipo mizinda inasanduka mabwinja. Tsiku lina anandiyezera tomato manja akunjenjemera, osalankhula kanthu. Nkhondo ilibe mwana wopeza, imaluma aliyense.

Ndinamaliza maphunziro n'kubwerako mu 2024. Ngongole ya mayi ndinabweza, ndipo kadimba kathu tsopano kali ndi timapaipi todontheza. Potsanzikana, agogo aja anandipatsa buledi woluka woti ndidye m'njira, ndi uthenga woti ndikauze mayi kuti mwana wawo sanagone ndi njala.

Mayi atamva uthengawo anangoti zii. M'mawa mwake ndinawaona akutapa tomato wodzadza mbale n'kukapatsa mayi wa ku Burundi amene amagulitsa mpunga pabenchi loyandikana nalo, yemwe anathawa nkhondo kwawo. Zaka zonsezi anali asanamufunsepo ngati wadya.