Pamene mzere umadula x ndi y

Kalekale ku sekondale za kwathu pepala la galafu linali chuma. Aphunzitsi a masamu ankagawa limodzilimodzi, ndipo ukalakwitsa unkafufuta mosamala kuti lisabooke, chifukwa lina kunalibe. Rula ya m'kabokosi ka Oxford tinkabwerekana desiki yonse, pensulo tinkasongola ndi lezala. Tikatero tinkajambula mizere iwiri yopingasana, wa x wogona, wa y woimirira.

Aphunzitsi akalemba pa bolodi 2x + 3y = 12, ankati: "Ana inu, phimbani 2x ndi chala." Pa mzere woimirira paja x ndi ziro, ndiye patsala 3y = 12, y ndi 4. Ukasuntha chala n'kuphimba 3y, patsala 2x = 12, x ndi 6. Timadontho tiwiri basi, (0, 4) ndi (6, 0), kenako rula pamwamba, mzere watuluka. Sitinkadziwa n'komwe kuti nzeruzi zikuchokera kwa René Descartes, amene analumikiza manambala ndi mizere m'buku lake la mu 1637. Chomwe tinkadziwa n'chakuti chala chikaphimba, ziro walowa.

Masiku ano ndimaona ana a Amalawi anzanga ogwira ntchito m'mafakitale a ku Alrode, ku Alberton kuno ku Joni, amene ambiri amakhala ku Thokoza ndi ku Katlehong. Anawa amakumana ndi nkhaniyi ku Giredi 9. Amangolemba samu ija mu GeoGebra pa foni, mzere n'kubwera wokha, wowongoka kuposa wathu uja. Sindidana nazo ayi. Tikanakhala nazo ifenso tikanasangalala. Chimandipweteka n'chakuti ukafunsa mwana chifukwa chake x ndi ziro pamenepo, ena amangoyang'ana foniyo.

Komatu bambo ake omwewo amawerengera samuyi pamtima mwezi uliwonse. Tinene kuti munthu wabwera ku Joni pa ngongole ya R6,000 kwa wa transipoti, ndipo akubweza R1,000 akalandira. Tsiku lofika, miyezi ili ziro, ngongole ili yonse: apo ndi pamene mzere wadula y. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ngongole yafika pa ziro, mzere wadula x, ndipo ndalama yoyamba kutumizidwa kwa mayi kumudzi. Akadumphitsa mwezi chifukwa cha lendi kapena maliro, kadontho ka pa x kamasunthira kutsogolo, ndipo amakamva m'thumba. Madalaivala a mathiraki opita ku Mwanza kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete amachitanso chimodzimodzi ndi dizilo wa m'thanki.

N'chifukwa chake mwana wa m'bale wanga akabwera ndi homuweki, ndimamupatsa kaye pepala, rula ndi pensulo, foni ibwere pambuyo kudzatsimikiza. Pa mayeso a Matric foni salola, ngakhale kakuleta yojambula magalafu.